Chenjezo: Buleki Yakutsogolo Ikamalira, Musayitseke Pakamwa ndi Oyilo

Tsiku lina madzulo, mvula itangokata, ndinaima pa siteji ya kabaza kufuna njinga yonditengera kunyumba. Mnyamata wina anali ataimika njinga yake pa sitandi yapakati, iye atanjuta pambali pa tayala lakutsogolo. M'manja anali ndi kabotolo ka pulasitiki, chitsekerero chake chitabooledwa ndi msomali, m'kati muli oyilo wakuda bii wotsala posintha wa mu injini. Ankadonthezera oyiloyo pa disiki, dzanja linalo likuzunguza tayala kuti afike ponseponse.

"Achimwene, mukutani pamenepo?" ndinafunsa.

"Ikusokosa, madala. Ndikangogwira buleki ikumalira kuti tswiii, mapasenja n'kumaona ngati njinga ndi yakutha. Akumakwera za anzanga."

"Nanga mwana akakudutsirani kutsogolo, igwira?"

"Ine ndimaponda yakumbuyo. Yakutsogoloyi imagwetsa."

Ndinamuchonderera kuti asanyamule munthu tsiku limenelo. Anandiyang'ana ngati ndamulanda nsima pakamwa, ndipo sindingamunene, chifukwa ndalama ya bwana wake inali isanakwane. Koma mtima wanga sunakhazikike mpaka lero. Zimene ndinaona pa sitejipo zikuchitika m'malo ambiri, ndipo amene akuchita sadziwa kuti akudzikumbira dzenje, iwo pamodzi ndi mayi wa mwana kumbuyo yemwe akwere mawa m'mawa.

Choncho ndikunena mosapsatira. Oyilo, girisi, palafini, dizilo kapena mankhwala opopera omasulira mabawuti a dzimbiri, monga WD-40, zisayandikire pamene buleki imagwira. Phokoso litha ndithu, koma litha chifukwa buleki yasiya ntchito. Padi imaimitsa njinga pokhulana ndi chitsulo. Mukaika choterera pakati pa ziwirizi, mwachotsa chinthu chokhacho chimene chikanakupulumutsani.

Tiyambe ndi bodza lija lakuti buleki yakutsogolo imagwetsa, chifukwa ndi limene likuchititsa anyamata ambiri kuiona ngati chokongoletsera. Njinga ikamaima, kulemera konse, kwa njinga, kwa woyendetsa, kwa pasenja ndi thumba lake la chimanga, kumakankhikira kutsogolo. Mumaona nokha mashoko akutsogolo akutitimira. Pa nthawi imeneyo tayala lakutsogolo limakanikizika pamsewu mwamphamvu, pomwe lakumbuyo limapepuka. N'chifukwa chake ophunzitsa kuyendetsa njinga zamoto amati pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a mphamvu yoimitsira njinga amachokera kutsogolo. Mukaponda yakumbuyo yokha mwadzidzidzi, tayala lopepukalo limangokhwekhwereza, njinga n'kuyamba kugwedeza mchira, inu mukupitabe komwe mumathawako.

Zoona, amene wagwira buleki yakutsogolo mobwanyula, makamaka pamchenga, pamatope kapena pokhota, amagwa. Wagwa chifukwa cha kagwiridwe. Buleki imafinyidwa pang'onopang'ono, kuyamba mofewa kuti tayala likhale pansi, kenako n'kuwonjezera mphamvu, yakumbuyo ikuthandizira. Zimenezi zimaphunziridwa pabwalo lopanda anthu, munthu ali yekha. Ambiri mwa achinyamata athu anaphunzira njinga masiku awiri kwa mnzawo, tsiku lachitatu n'kuyamba kunyamula anthu, ndipo palibe anawauzapo zimenezi.

Taganizirani masamu ake. Njinga yothamanga makilomita 50 pa ola imadya mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Ndiye muike njinga yopanda buleki yakutsogolo pa mtsetse wa Thabwa potsikira ku Chikwawa, kapena pa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, kapena m'zitunda za ku Ndirande ndi Bangwe, itanyamula anthu awiri. Buleki yakumbuyo ikagwira ntchito yokha pa mtsetse wautali imatentha, ndipo ikatentha imafooka. Phazi limaponda mpaka pansi njinga osamva. Aliyense amene analowapo m'mawodi a othyoka mafupa ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central anaona yekha kuchuluka kwa anthu amene anafikako chifukwa cha njinga zamoto.

Tsono buleki imaliriranji? Kulirako ndi kunjenjemera. Padi ikakhudza disiki, kapena shu ikakhudza dilamu, imagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, mofulumira kwambiri moti diso silingaone. Chitsulo chimayamba kulira ngati mmene limalirira khasu ponola. Kulira kwina kulibe vuto, kwina ndi imfa ikugogoda. Mwini njinga ayenera kudziwa kusiyanitsa, ndipo khutu lokha limathandiza kwambiri.

Zikakhala kuti njinga yagona panja kapena mwadutsa m'madzi, m'mawa buleki n'kulira kawiri katatu kenako n'kukhala chete, zimenezo ndi dzimbiri lopyapyala ndi chinyontho chabe. Zimachoka zokha. Musavutike nazo.

Kulira kosongoka, kwa tswiii, kobwera makamaka mukamaima pang'onopang'ono, kawirikawiri ndi fumbi kapena padi yomwe yapsa pamwamba. M'misewu yathu ya dothi, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala, fumbi limalowa paliponse n'kusakanikirana ndi phulusa la padi. Kupsa kumabwera chifukwa cha chizolowezi choyenda zala zitatsamira pa handulo ya buleki, kapena kutsika phiri lonse buleki ili chigwirire. Mukachotsa padi yotere mupeza pamwamba pake pakunyezimira ngati galasi, posalala, ndipo posalalapo sipagwira bwino. Iyi ndi nkhani yokonzeka, ndipo siidya ndalama zambiri.

Koma mukamva kukhuluza kokhuthala, kwa khrrr, ngati wina akukoka lata pa simenti, imani pomwepo. Nyama ya padi yatha, chatsala ndi chitsulo chakumbuyo kwake, ndipo chikudya disiki. Ulendo uliwonse umene mukuyenda mukukumba mizere pa disiki, ndipo mtengo wa disiki ndi wokwera kuposa wa mapadi kangapo. Choopsa kwambiri n'chakuti chitsulo pa chitsulo chimatha kuterera, kapena kugwira mwadzidzidzi tayala n'kuuma. Padi siyenera kufika pamenepo. Unikani ndi tochi ya foni m'kati mwa kalipa, momwe mumakhala mapadi. Mapadi ambiri ali ndi kamzere kozokotedwa pakati. Kamzereko kakafufutika, kapena nyama ikatsala yosakwana mamilimita 2, padi yatha ngakhale isanayambe kulira.

Palinso kulira kosalekeza, kumene kumamveka ngakhale musanagwire buleki. Kumeneko ndiye kuti buleki siikubwerera. Imikani njinga, tukulani tayala, lizunguzeni ndi dzanja. Likamaima msanga, kapena mukayenda pang'ono disiki n'kutentha moti dzanja silingayandikire, pisitoni ya kalipa kapena timapini timene kalipa imatsetserekapo tagwidwa ndi dzimbiri. Njinga yotere imamwa petulo wambiri, imamaliza padi mbali imodzi, ndipo tsiku lina idzamanga yokha muli pa liwiro.

Ndibwerere ku oyilo, chifukwa apa m'pamene pali msampha wina umene ngakhale osamala amagwamo. Si nthawi zonse pamene oyilo amathiridwa dala. Yang'anani mashoko akutsogolo. Ngati pa chitsulo chonyezimiracho pali mkombero wonyowa umene fumbi lamatirirapo, silo yatha, ndipo oyilo wa m'shoko akutsika pang'onopang'ono mpaka pa kalipa. Otsuka njinga ena amapopera mafuta onyezimiritsa pa tayala ndi pa rimu, ena n'kugwera pa disiki. Ngakhale makaniko wogwira padi yatsopano ndi manja a girisi waiwononga isanagwire ntchito. Ndipo chodabwitsa n'chakuti padi yomwe yamwa oyilo pang'ono imatha kulira kwambiri kuposa kale pakapita masiku angapo, oyilo uja akasakanikirana ndi fumbi n'kupsa. Mnyamata uja akadzamva kulira kwabweranso, adzathiranso wina.

Padi ili ngati siponji. Ikamwa oyilo, yamwa basi. Ena amaiwotcha pa mbaula, ena amaiviika mu petulo, n'kuoneka ngati yayera, koma ikatentha pamsewu oyilo wam'kati amatulukanso. Kuwotchako kumafooketsanso guluu amene amamata nyama ya padi ku chitsulo chake, ndipo nyamayo itha kumatuka yonse nthawi imodzi. Padi yomwa oyilo ndi yotaya. Musanaike yatsopano, konzani kaye pamene oyilo akuchokera, apo ayi mutayanso ina sabata yamawa.

Kakonzedwe koyenera ka buleki ya disiki si kovuta, ndipo makaniko wodziwa ntchito amamaliza ola lisanathe. Amamasula mabawuti a kalipa, osailekerera kuti ilendewere pa paipi yake, n'kutulutsa mapadi akuonetsetsa mmene timasipuling'i ndi timalata tam'kati tinakhalira. Timalata timeneti, tomwe ambiri amataya poganiza kuti n'topanda ntchito, ndi timene timaletsa padi kunjenjemera. Ngati nyama ikadalipo yambiri ndipo yangopsa pamwamba, amayala sandipepa pa malo athyathyathya, n'kukhula padi mozungulira mpaka kunyezimira kutachoka. Amasema pang'ono m'mphepete mwa padi kuti musakhale ngati mpeni, popeza m'mphepete mosongoka ndi mmene mumayambira kulira. Disiki amaipukuta mbali zonse ndi mankhwala otsukira mabuleki, ndipo ngati palibe, sipiriti ndi kansalu koyera zimathandiza. Palafini ndi dizilo ayi, zimasiya mafuta.

Pa buleki ya disiki girisi ali ndi malo ake, ndipo malowo ndi awiri okha. Timapini totsetserekapo kalipa timafuna girisi wa silikoni, chifukwa girisi wamba amatupitsa timalabala tophimba, kalipa n'kugwidwanso. Kumbuyo kwa padi, ku chitsulo kumene pisitoni imakankha, kumapakidwa girisi wosamva kutentha, uja wa mtundu wa kopa, kochepa zedi ngati mmene mumapakira mankhwala pa chilonda. Kumaso kwa padi ndi pa disiki pasafike kanthu.

Disiki nayo ionedwe. Pa disiki zambiri pamalembedwa zilembo zakuti MIN TH ndi nambala, kutanthauza kuti ikapyapyala kuposa pamenepo yatha ntchito. Yendetsani chikhadabo kuchokera pakati kupita kunja. Chikamakodwa m'mizere yakuya, kapena mukamamva handulo ikugunda m'dzanja ngati mtima pomanga buleki, disiki yadyeka kapena yapindika, ndipo padi yatsopano siichiza zimenezo.

Pali chinthu chimodzi chimene chavulaza anthu pa geti penipeni pa galaja. Posintha mapadi, pisitoni imakankhidwira m'kati. Mukamanga zonse n'kukwera osapopa, handulo imafika mpaka pa chogwirira popanda kugwira kalikonse. Finyani handulo kangapo njinga ili chiimire mpaka ilimbe. Mukatero pitani pa msewu wopanda anthu, thamangani pang'ono, mangani buleki mpaka njinga itsale pang'ono kuima, kenako mulekerere. Bwerezani kakhumi, mukupatsa mpata woti izizire. Kumeneko ndi kuzoloweretsa padi ndi disiki. Amene amalumpha zimenezi n'kukatsika phiri ndi katundu tsiku lomwelo amapsereza padi yatsopano, kulira n'kuyambiranso.

Njinga zambiri za kabaza, monga ma Boxer ambiri ndi zina zochokera ku China, zili ndi dilamu kutsogolo, yokokedwa ndi kebulo. Izi zimabisa matenda ake chifukwa zonse zili m'kati. Ndinaonererapo makaniko akutsegula dilamu ya njinga imene inkalira. Atasolola ekiselo n'kuchotsa chivundikiro, munatuluka fumbi lakuda lodzaza chikhatho, ndipo shu imodzi inali yonyowa, yonona ngati chiwaya cha tchipisi. Anandionetsa gwero lake. Kagiya koyendetsa sipidomita kamakhala m'chivundikiro momwemo, ndipo wina anakadzaza girisi wambiri, silo n'kulephera kumusunga. Mwini njinga anali atayenda nayo choncho miyezi, akungomangitsa nati ya kebulo.

Kumangitsa nati kuli ndi malire. Pa kamkono kamene kebulo imakoka, njinga zambiri zili ndi kamuvi ndi kachizindikiro. Mukafinya buleki kamuvi n'kufika pa chizindikirocho, mashu atha. Ena amachotsa kamkonoko n'kukasunthira mano ena kuti kebulo ipezenso pokoka, ena amaika timalata pansi pa mashu. Kumeneko n'kuika moyo pa chiswe. Kachitsulo kotambasula mashu kakapotoloka mopitirira muyeso kamatha kukanirira osabwerera, tayala lakutsogolo n'kuuma nthawi yomweyo. Mashu amasinthidwa onse awiri pamodzi, ndi masipuling'i ake ngati atamuka. M'kati mwa dilamu mumapukutidwa ndi kukhulidwa pang'ono ndi sandipepa, ndipo kadontho ka girisi kamapita pa kachitsulo kotambasulako ndi pa msomali wotsamirapo mashu basi. Handulo isiyidwe ndi mpata wa masentimita 1 mpaka 2 kunsonga kwake isanayambe kugwira. Kebulo yomwe yayamba kuthothoka tingwe isinthidwe lero, chifukwa imaduka pa nthawi imene mwaifinya mwamphamvu, ndiyo nthawi ya ngozi.

Amakaniko, fumbi la m'dilamu musamaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa. Mashu ena, makamaka akale ndi otsika mtengo, amakhala ndi asbestos, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo limabweretsa matenda osachizika patapita zaka zambiri. Pukutani ndi kansalu konyowa. Ana ophunzira ntchito amene mumawatuma kutsuka zitsulo ndi amene amapuma fumbi limeneli kwambiri.

Pa njinga za disiki pali nkhani ya mafuta a buleki. Pa chivundikiro cha kathanki kali pa handulo pamalembedwa mtundu wake, DOT 3 kapena DOT 4. Thirani umenewo basi. Oyilo wa injini kapena wa mashoko amatupitsa malabala am'kati, buleki yonse n'kufa. Mafuta a buleki amayamwa chinyontho cha mumpweya. DOT 4 watsopano amawira pa madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 155, ndipo akawira pa mtsetse handulo imangolowa ngati mwafinya buledi. N'chifukwa chake amasinthidwa pakatha zaka 2 zilizonse, kapena akada ngati tiyi wopanda mkaka. Akamatsika m'kathankimo osangothiramo ena. Kutsikako kukukuuzani kuti mapadi akutha kapena pena pake pakudontha.

Tsopano ndilankhule ndi inu mabwana, eni njinga amene mumakhala kunyumba kapena ku ofesi kudikira ndalama ya tsiku. Mnyamata amene ndinamupeza ndi kabotolo ka oyilo uja sanachite zimenezo chifukwa chokonda. Anadziwa kuti akanena za mapadi auzidwa kuti achotse pa ndalama yake, ndipo ola limene njinga ili ku galaja tageti siitsika. Mwamuika pakati pa njala ndi ngozi, ndipo munthu wanjala amasankha ngozi chifukwa njala ili pomwepo. Mabuleki ndi udindo wa mwini njinga. Mapadi mtengo wake sufika n'komwe pa ndalama imene njingayo imakubweretserani pa sabata. Ikagunda munthu, apolisi ndi abale a wovulalayo adzafika pakhomo panu. Muuzeni woyendetsa wanu lero kuti tsiku lokonzetsa mabuleki simudzamuwerengera, ndipo mukatero muzikaona nokha zitsulo zakale zimene zachotsedwa.

Inunso ogulitsa zipangizo, mapadi ena amene ali m'mashelefu mwanu ndi ouma ngati mwala. Amalira kuyambira tsiku loyamba, amadya disiki, ndipo mvula ikagwa sagwira. Mumawadziwa, chifukwa makasitomala amabwerera kudzadandaula. Muuzeni wogula kusiyana kwake asanapereke ndalama. Ndipo atsogoleri a masiteji, inu amene mumatha kuletsa munthu kunyamula chifukwa sanapereke ya umembala, mphamvu yomweyo igwireni pa njinga yopanda buleki. Wakutsina khutu ndi mnansi. Kuyesa njinga iliyonse m'mawa sikungakutengereni mphindi imodzi: woyendetsa afinye buleki yakutsogolo, akankhe njinga mwamphamvu. Mashoko atitimire, tayala lisasunthe. Likasuntha, njingayo isalowe pa mzere.

Kwa ife okwera, amayi opita ku sikelo, ana asukulu, azibambo ochokera ku ganyu, maso athu akhale pa tayala lakutsogolo tisanakweze mwendo. Disiki yabwino imakhala youma, yotuwa ngati mpeni wonoledwa. Ikaoneka yonyowa, yakuda, kapena mukaona kebulo ikulendewera, handulo itathyoka kapena itamangidwa ndi lekeni, musakwere. Musachite manyazi kunena kuti, "Achimwene, tagwirani buleki yakutsogolo ndione." Woyendetsa wosamala sakwiya ndi funso limenelo. Ndipo musamunyoze amene njinga yake ikulira pang'ono ndi fumbi n'kuthamangira ya chete, chifukwa kunyoza kwathu n'kumene kunatuma mnyamata uja kukatenga oyilo. Mufunseni ngati waionetsa kwa makaniko. Koma mukakhala kale pa njinga n'kumva chitsulo chikukhuluza chinzake, kapena mukaona woyendetsa akukhwekhwereza nsapato pansi kuti aime, mugwireni paphewa aime pambali, mumulipire ya pamene mwafikapo, mutsike.